Mlonda Wosadziwa Odi

"Tembenuzani kompyutayo, mlendo asaone!" anatero a Pitala. Ankati akunong'ona, koma ndi wophika yemwe kukhitchini anamva.

Pauline anakankha sikirini kuti iyang'ane kukhoma, koma anachedwa. Mayi wachizungu amene ankabweza kiyi anali ataona kale. Pa tsamba la alendo la webusaiti ya lojiyo, pamene anthu ankayenera kulemba kuti chambo chinakoma ndipo mchenga wa ku Senga Bay ndi woyera, panali mbwee zotsatsa mankhwala a mphamvu za abambo, ndi zithunzi zoti sungaone mlamu wako ali pafupi. Mayiyo anasiya kiyi pa kauntala, natuluka osatsanzika.

"Mawa lomwe ndikuitana Godwin," anatero a Pitala, eni lojiyo. "Dzina langa lisanduke chimbudzi cha dziko lonse?"

Webusaitiyo anawapangira mlendo wina wa ku Ulaya, zaka zija matipate atakhazikika, aliyense wokhala ndi kamalo m'mbali mwa nyanja akumanga zipinda za alendo. A Pitala ankainyadira ngakhale mbewa ya kompyuta sankaigwira. Zonse zinali m'manja mwa Pauline, wolandira alendo. Ndipo panali chinthu chimodzi chimene a Pitala sankadziwa: tsamba la alendolo ndilo linali msewu wokhawo wa pakati pa Pauline ndi mwamuna wake.

Lawson anali wonyamula katundu pa doko la Chipoka. Ntchito itatha, anapita ku Joni monga anachitira anzake ambiri, wopanda mapepala, m'thumba muli kakhadi ka lojiyo basi. Foni analibe, imelo sankaidziwa. Loweruka lililonse ankalowa m'kafe ya intaneti, kupereka kakhadiko kwa mwini malo kuti amutsegulire tsambalo, kenako n'kuyamba kujompha zilembo ndi chala chimodzi. Ndipo Lawson anali munthu woleredwa bwino, abale. Sakanayamba nkhani asanapereke moni wonse. Uthenga uliwonse unkayamba chimodzimodzi: "Odi kumeneko mayi a Tadala. Muli bwanji? Ine ndili bwino, kaya inu ndi mwana. Moni kwa onse." Netiweki ikamachedwa, iye ankadinanso batani lotumizira, n'kudinanso, poopa kuti sanamveke. Pauline ankapeza uthenga womwewo uli pamzere kangapo, ankaseka yekha, n'kuyankha pansi pake. Pakati pa sabata ankafufuta zonse bwana asanamve.

Godwin anafika m'mawa pa matola kuchokera ku boma, kumene anali ndi kashopu kokonza makompyuta. Anali wamtali, wokonda kuseka, taye ili pakhosi ngakhale kukutentha chotani.

"Achemwali, mwalemera bwanji! Alendo onsewa?" anatero akuyang'ana zonyansa zija.

"Musaseke, achimwene. Ndani ameneyu akutida chonchi?"

"Palibe akukudani. Si anthu awa, ndi maroboti. Mapulogalamu oyendayenda pa intaneti, akapeza khomo lotsegula amataya zinyalala n'kumapita. Mankhwala ake ndi pulagini. Tingoti mlonda wa pageti."

Kukopera pulaginiyo kunatenga m'mawa wonse. Waya wa foni ya lojiyo unali wa chikale, intaneti inkabwera ngati madzi a pa mpopi wa m'chilimwe, ndipo ntchitoyo itatsala pang'ono kutha magetsi anazima. Godwin anavula taye, anadya chipisi, magetsi atayaka anayambiranso. Chakumasana anailowetsa mu webusaiti, anadina poidzutsa, ndipo panatseguka tsamba la mafunso m'Chingerezi. A Pitala anaima kumbuyo kwake manja ali m'chiuno.

"Tsopano timuuze mlondayu kagwiridwe ka ntchito," anatero Godwin. "Akhale wofatsa, wapakati, kapena wolusa?"

"Funso limenelo? Wolusa!" anatero a Pitala.

"Amene wamugwira, amutsekere tsiku limodzi kapena mpaka kalekale?"

"Mpaka kalekale. Wakuba sumuuza kuti abwerenso mawa."

"Chomaliza. Zimene wagwirazo azisunga penapake kuti muziziona, kapena azifufutiratu?"

Apa a Pitala anayang'ana Pauline, poti woziona anali iyeyo. Pauline anakumbukira m'mawa wina pamene mwana wake Tadala anabwera kudzatenga kiyi wa kunyumba n'kuima pambali pake, maso ali pa sikirini. 

"Azifufutiratu," anatero. "Maso anga atopa."

Godwin akutseka chikwama, Pauline anamutsatira mpaka pakhonde. Pakamwa panali podzaza ndi dzina la Lawson, koma a Pitala anali pafupi, akukalipira wosesa.

"Nanga munthu weniweni akalemba?" anangofunsa choncho.

"Munthu weniweni amadutsa bwinobwino, achemwali. Mlonda uyu ndi wophunzira, amadziwa kusiyanitsa."

Tsambalo linayeradi. A Pitala ankauza aliyense kuti anagula mlonda wosagona, wosapempha ndiwo, wosapita ku maliro. Mlendo wa ku Germany analemba zoyamikira, zinaoneka. Wa ku Lilongwe analemba, zinaoneka. Loweruka linafika, Lawson ziii. Loweruka lina, ziii.

Pauline anayamba ndi kumukhululukira. Mwina wapeza ganyu ya kutali. Mwina kafe ija yatsekedwa. Mwezi utatha anakwera minibasi kupita ku boma, nakamupeza Godwin atazunguliridwa ndi makompyuta ovundukula.

"Mlonda wanu uja satseka anthu?"

"Taonani nokha." Godwin anatsegula tsambalo pa kompyuta yake, analemba mawu awiri a Chingerezi, anadina kamodzi. Uthenga unaonekera pompo. "Mwaona? Ine si munthu kodi?"

Pauline anabwerera ali ndi yankho limene sankalifuna. Ngati khomo lili lotsegula, ndiye kuti Lawson mwini wake sakufuna kulowa.

Amayi a pa chigayo sanachedwe kumuthandiza kuganiza. "A ku Joni amayamba choncho, mayi a Tadala. Chaka choyamba mauthenga, chachiwiri mumangomva kuti ali ndi ka Mzulu kake." Iye ankaseka nawo, koma akafika pa kauntala ankalemba pa tsambalo. Poyamba analemba mofatsa: "Bambo a Tadala, muli kuti? Mwana akufunsa." Kenako analemba mopempha. Tsiku lina analemba mawu amene sanayankhulepo kwa mwamuna wake chikwatirane, anawasiya pamenepo mpaka madzulo, n'kuwafufuta akulira. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola. Tadala anasiya kufunsa, ndipo zimenezo zinamupweteka Pauline kuposa mafunso aja.

Mu Julaye, mwera ukuwomba moti asodzi anangokokera mabwato kumtunda, pa loji panalowa Idi. Anali mnzake wa Lawson, ankanyamula limodzi matumba ku Chipoka ndipo ku Joni ankagona chipinda chimodzi. Pauline anadumpha kuchoka pampando, koma Idi sanamwetulire. Anapereka moni ngati wa mlendo wofunsa njira.

"Alamu, bambo a Tadala ali moyo?" anafunsa Pauline.

"Pamene ndinkasiyana naye anali moyo. Koma alamu, ndifunse. Munthu uja anakulakwirani chiyani kuti mumutsekere pamaso pa anthu chonchija?"

"Ine? Kumutsekera?"

"Wallahi, ndinali pambali pake. Analemba moni wake uja, anadina, anadinanso monga amachitira. Pa sikirini panabwera mawu ofiira a Chingerezi. Mwini kafe anatiwerengera, akuti eni tsamba akuletsani, musadzabwerenso. Anthu onse m'kafemo kuseka. Lawson anati mwina makina alakwitsa. Loweruka lotsatira tinapita ku kafe ina, kutali, pa sitima. Tsamba linatseguka, analemba moni wake, anadina, ofiira aja. Kafe yachitatu, chimodzimodzi. Iye anati, 'Idi, makina sangandidziwe ine m'malo atatu. Pali munthu amene wawauza dzina langa.'"

Pauline anagwira m'mphepete mwa kauntala. 

"Ankafuna kundiuza chiyani?"

"Anali atapeza chipinda chake, cha chitseko ndi loko. Anagwirizana ndi dalaivala wa thiraki wa ku Dedza kuti akutengeni inu ndi mwana Khirisimasi isanafike. Anagula ndi kamatiresi ka Tadala." Idi anayang'ana pansi. "Anadikira, anayesa, kenako anagulitsa zonse. Anakwera lole ya anthu opita ku minda ya mphesa ku Kepi. Minda yake ndi yambirimbiri, alamu, ndipo sanandiuze kuti uti."

"Sanakupatseni mawu alionse?"

"Anati ndikakuonani ndingokuuzani kuti wamva."

Pauline sanalire pamenepo. Anamuthokoza Idi, anamuperekeza mpaka pageti monga mwa ulemu, anabwerera n'kupatsa mlendo wina thaulo. Kenako anauza a Pitala kuti mutu ukumupweteka, nakwera matola ya ku boma.

Godwin anamvetsera nkhani yonse osaseka ngakhale kamodzi. Anatsegula pulagini ija, anawerenga timawu ting'onoting'ono tapansi pa mawu akuti wolusa, timene tsiku lija palibe anatiwerenga, ndipo anadzigwira kumutu.

"Mayo ine. Akuti wotumiza uthenga umodzi kangapo motsatizana ndi roboti. Woyamba ndi mawu omwewo nthawi zonse ndi roboti. Wolemba mawu amene mlondayu sawadziwa, ndiye kuti osakhala Chingerezi, akumuwonjezera mlandu. Achemwali, bambo aja analakwa zonse zitatu."

"Analakwa kupereka moni?"

Godwin anabwezera maso pa timawu tija, ndipo Pauline anafunsanso.

"Zimene analembazo zili kuti? Ndiwerengeko, ngakhale mzere umodzi."

"Tinati azifufutiratu."

Anati "tinati" pomukomera mtima, koma Pauline ankadziwa pakamwa pamene panatuluka mawuwo. Anakhala pa kampando ka pulasitiki pakati pa makompyuta akufa aja, ndipo apa ndiye analira, kulira kwa pa maliro, moti telala wa shopu yoyandikana anasuzumira pakhomo. Ankalira Lawson ataima m'kafe anthu akumuseka. Ankalira kuti anaopa a Pitala, munthu wongokalipa chabe, n'kumeza dzina la mwamuna wake pakhonde paja.

Atatonthola anafunsa ngati pali chochita.

"Makafe amene mlonda anawatsekera aja ndingawatsegulire lero, koma iye kulibeko. Ndipo akalemba kuchokera kwina, mlonda amugwiranso, poti moni wake sasintha."

"Sasintha," anatero Pauline.

"Njira ndi imodzi. Timuuze mlonda asabweze aliyense ndipo asafufute kanthu. Chilichonse chokayikitsa azichiponya m'dengu lobisika, alendo osachiona. Tsamba likhalabe loyera, a Pitala sadziwa. Koma dengulo muzilipeta nokha ndi maso anu, ndipo zonyansazo tsopano zachuluka kuposa kale. Patsiku zimabwera mazanamazana." Anatembenuka kumuyang'ana. "Komanso ndinene zoona, achemwali. Munthu amene anati wamva, sindikudziwa ngati adzalowenso m'kafe."

"Sinthani."

Godwin anachotsa kachizindikiro pa wolusa, anachotsa pa kufufuta, anadina posunga. Ndalama anakana.

Kuyambira tsiku limenelo Pauline amafika pa loji wosesa asanayambe ntchito. Amayang'anitsa sikirini kukhoma, amatsegula dengu lija, n'kuyamba. Mankhwala a abambo, juga, akazi amaliseche, mankhwala a abambo. Sathamanga, chifukwa amaopa kulumpha mzere. Uthenga uliwonse amauwerenga mawu oyamba, kufuna umene ukuyamba ndi odi, ndipo akaona kuti si umenewo amaufufuta n'kutsegula wotsatira.

A Pitala akadutsa amagogoda pa kauntala mokondwa. "Mlonda wathu akugwira ntchito, eti?"

"Akugwira, bwana," amatero Pauline, maso osachotsa pa sikirini.

Loweruka amayamba m'mamawa kwambiri, ndipo dengulo amalibwereza kawiri.