Mphira pa Foni ya Maryam

Chaka cha njala chija, mvula itadula chimanga chisanamasule, a Abdulrazak anapalasa njinga kupita ku Utale kukasaka ganyu. Anatenga kafoni ka mabatani, yaikulu n'kusiyira mkazi wawo Maryam. Yaikuluyo inachokera ku Joni. Polowetsa chingwe panali pataonongeka, ndiye inkalandira moto poigoneka pa kambale kake kakuda. Kumbuyo inali yosweka, ndipo Maryam anaikulunga ndi mphira wa chubu.

Masiku anapita a Abdulrazak osaimba, kenako foni inazima. Maryam mtima sunakhale m'malo. Anasiya ana kwa mnansi, n'kutenga foni ndi kambale kake, ulendo wa kwa Nsanama, ku okala ya a Bizwick omwe ankatchaja mafoni ndi sola.

Pakhonde panali azibambo atazungulira wailesi, kudikira uthenga wa chimanga cha thandizo. A Bizwick atangogoneka foniyo pakambale, wailesi inayamba kulira ngati njuchi.

"Chotsani chimenecho, tikumvera za chimanga ife!" anakalipa bambo wina.

Maryam anakhala, n'kuimirira, n'kukhalanso. Ataikhudza foni, inali yotentha, koma yosayaka.

"Mayi, mphirayu wakhuthala," anatero a Bizwick. "Foni yatalikirana ndi kambale. Moto wambiri ukungotayikira pakatipa, n'chifukwa chake yatentha. Wina ukukasokoneza wailesi."

"Iyayi, ndikamasula iphwasuka."

"Mukapanda kumasula, dzuwa likuloweranipo."

Maryam analuma mfundo ya mphirayo n'kuyamba kumasula. Tizidutswa tagalasi tinagwera pachitenje pake. Anaigoneka foniyo pakati penipeni pa kambale, n'kuipanikiza ndi chikhatho. Phokoso la pawailesi linachepa, koma azibambo aja anasunthirabe kutsinde kwa mtengo wa mango akung'ung'udza.

Dzanja linachita dzanzi. Foni itayaka, anaimba ataweramira pakauntala, osaidzutsa.

"Maryam?" Mawu a Abdulrazak anali otopa. "Ganyu kulibe kuno, aliyense akusaka womwewo. Njinga ndasinthanitsa ndi thumba la makaka. Ndikubwera wapansi, ndadutsa kale pa..."

Maryam anaiwala, n'kunyamula foni kuti amvetsetse. Inazima pomwepo.

"Ati adutsa pati?" anafunsa a Bizwick.

Maryam anaibwezera pakambale, dzanja n'kupanikizanso, khosi atalitembenuzira kumsewu wochokera ku Liwonde, akuyang'anitsitsa aliyense wosenza katundu pamutu.