Chitini cha Amake Mapasa

Lachisanu ndilo linali tsiku loti akapitawo anene ngati Amake Mapasa apitirize ntchito ku nazale ya mitengo kapena ayi. Mapasawo anali atangoyamba sukulu, bambo awo kulibe, ndiye mayiwa sabata yonse ankagwira ntchito mtima uli m'mwamba.

Pa mbande panali tizilombo ta mitundu iwiri. Kena kanali kagulugufe kotuwa ka m'nkhalango, kongokhala phee kunsi kwa tsamba, mapiko ngati khungwa la mtengo. Kachiwiri kanali konyansa, kamiyendo italiitali, mlomo wa singano wopindikira pachifuwa. Lolemba kanawabaya chala, chinatupa mpaka kulephera kunyamula keni yothirira. Basi, mlandu unathera pomwepo. Kufunsa sanafunse, paja munthu watsopano amaopa kuoneka mbuli. Kalikonse kamlomo wa singano ankakaphwanya n'kuponya m'chitini, kuti adzaonetse khama lawo. Agulugufe ankawasiya, nanga analakwa chiyani?

Lachisanu m'mawa anatenga chitini chija n'kupeza akapitawo ataima pa mzere wa mbande, nkhope itakwinyika. Masamba anali mabowo okhaokha.

"Mayi, tabwerani. Mukuziona mbozi izi? Ndi ana a gulugufe uyu. Amaikira mazira kunsi kwa tsamba."

Amake Mapasa anawerama n'kusuzumira kunsi kwa tsamba.

"Koma chikundidabwitsa n'chakuti alonda athu apita kuti," akapitawo anapitiriza, akutembenuza masamba. "Pali tizilombo tamlomo wa singano, timabaya mbozi n'kuziyamwa mpaka kutsala chikopa. N'chifukwa chake kuno sitithira mankhwala. Ndatisamala zaka zitatu. Sabata yatha tinali mbwee. Simunationeko?"

Mayiwa anazembetsera chitini kumbuyo. "Toluma tija, bwana?"

"Eya, timaluma ukatigwira. Nayenso galu wolondera amaluma."

Mantha anawagwira Amake Mapasa. Anayang'ana kuchipata, anaganiza za mapasa amene m'mawa anawauza kuti amayi tsopano ali pa ntchito. Anafuna kunama, lilime linakana. Pobwerera m'mbuyo, chitini chinagunda mzati, chivundikiro n'kulira.

"Mwabisa chiyani kumbuyoko?" anafunsa akapitawo, akutambasula dzanja. "Tipatseni tione."

Amake Mapasa anagwada, n'kupereka chitinicho ndi manja awiri.