Chingwe cha Nazale

Chingwe chija a Rabson anabwereketsa ndi mtima woyera. Aphunzitsi a Mwale, oyang'anira zamasewera pasukulu ya m'mudzi mwawo kufupi ndi Nsaru, anafika m'mawa wina kudzapempha choyezera bwalo lothamangirapo. A Rabson anatsitsa kudenga la chigafa chingwe chomwe kale ankayezera mabedi a nazale ya fodya.

"Ndi mamita makumi atatu," anatero. "Anandiyezera ndi alangizi enieni."

Aphunzitsi sanachiyezenso. Ndani angakayikire mawu a mkulu wa mpingo? Anachitambasula katatu, n'kuwonjezerapo mamita khumi ndi lula ya pabolodi, kenako n'kuthira phulusa m'mizere. Mamita 100 anakwana motero.

Pabwalo limenelo ndi pomwe Ezeliya, mwana wamkazi wa a Rabson, anathamanga wopanda nsapato n'kusiya anzake ngati aima. Madzulo ake aphunzitsi anafika pakhomo ali wefuwefu, foni ili m'manja.

"Bambo a Ezeliya, kodi mukudziwa chimene mukusunga m'nyumba muno? Ndamubwereza katatu. Masekondi khumi ndi imodzi! Mzimayi waliwiro kuposa onse padziko lapansi, wodya nyama, wovala nsapato zamisomali, anathamanga masekondi khumi ndi theka. Akuti thupi la munthu lili ndi malire, ndipo malirewo ali chapomwepo. Ndiye wanuyu, wokulira chigwada, wangotsala pang'ono kuwakhudza!"

A Rabson anavula chipewa n'kuyamika Iye amene amakweza wonyozeka kumuchotsa kufumbi. Chimwalirireni amayi ake, a Dyness, zaka ziwiri zapitazo, Ezeliya anali asanasekepo. Kwaya anaisiya, kudya ankachita kumukakamiza. Koma sabata imeneyo anamumva akuimba pochokera kumjigo, ndowa ili pamutu, ndipo mawu ake anali a mayi ake enieni.

Loweruka mlongo wawo, a Yunisi, anawapeza akuthothola mtedza.

"Achimwene, chingwe munapatsa aphunzitsi n'chomwe chija?"

"Chomwe chiti?"

"Mwakalamba eti? Tsiku la maliro a alamu, chingwe cha adzukulu chitaduka kumanda, si inu munathamangira kuno ndi chikwanje?"

Manja a a Rabson anaima. Anakumbukira. Anadula mamita ngati anayi kuti bokosi litsike bwino, ndipo chidutswacho chinatsala komweko, pakuti chotsitsira maliro sichibwerera kumudzi. Kuyambira chaka chimenecho fodya anamusiya, chingwe sanachigwirenso. Anawerengera chamumtima: anayi katatu. Bwalo lija linaperewera mamita khumi ndi awiri.

"Mwana wayamba kuimba, Yunisi," anatero motsitsa mawu. "Ukufuna ndimutseke pakamwa?"

"Inu amene mumaima kutsogolo Lamulungu kudzudzula ogula mtedza ndi sikelo zachinyengo? Muyezo wonama ndi wonama, achimwene, ngakhale uimbitse mwana nyimbo."

"Ndimuuza. Nthawi yake ikwana."

Nthawiyo sinakwane. Mpingo unamupempherera Ezeliya, amayi a chigwirizano anamusokera kabudula wothamangira, ndipo anapita kumpikisano ku Lilongwe. Kumeneko bwalo linali loyezedwa bwino. Anamaliza wachisanu, masekondi khumi ndi awiri ndi theka.

Anabwera maso ali ofiira. "Bambo, mzere umangothawa. Pomwe ndimadziwa kuti ndafika, ndimaona ukadali uko."

A Rabson anatsegula pakamwa, koma mawu amene anatuluka anali akuti, "Mulungu ali ndi nthawi yake, mwanawe." Anamva okha kuwawa kwa kubisala kuseri kwa dzina loyera.

Lolemba aphunzitsi anamuyesanso pabwalo la sukulu. Khumi ndi imodzi, monga kale.

"Mwaona? Ndi mantha a m'tauni basi," anatero a Mwale. "Mwezi wamawa kuli mpikisano wina. Tichotsa manthawo ndi thukuta."

Anamumangirira tayala lakale m'chiuno kuti azilikoka pokwera chitunda cha kudambo. Ezeliya ankawonjezera yekha: m'mawa asanapite kusukulu, masana, ndi dzuwa likamapendeka. Ankakhulupirira kuti liwiro limene Mulungu anamupatsa analitaya yekha chifukwa cha mantha, ndiye ankalifunafuna ngati mayi wosesa nyumba yonse kufuna chimene chagwa. Anayamba kutsimphina mwendo wamanzere. A Rabson ankamuona akuuthowa ndi madzi otentha, ndipo tsiku lililonse ankati amuuza mawa. Popemphera ankatchula odwala onse a mumpingo mayina, koma akafika pa mwana wawo lilime linkalemera.

Kutatsala masiku anayi kuti apite, ana a sukulu anafika akuthamanga. Ezeliya anagwa pakati pa chitunda, tayala lili m'chiuno, akukuwa atagwira kuseri kwa ntchafu. Anamutengera kuchipatala pa ngolo. Adokotala anati mtsempha waduka moipa chifukwa anauthamangira uli wovulala kale. Kuyenda adzayenda, koma zothamanga aiwale.

Atamutulutsa, anagona pamphasa m'chipinda, osalira. Tsiku lachitatu anati, "Bambo, ndinalakwa chiyani kuti Mulungu andilande?"

A Rabson anatuluka. Anapita kusukulu, nabwera ndi chingwe chija pamodzi ndi lula ya pabolodi. Anagwada pafupi ndi mphasa n'kuyamba kuyeza, akuwerenga mokweza ngati mwana wa sitandade 1. Chingwe chinathera pa mamita makumi awiri ndi asanu ndi imodzi.

Ezeliya anali mwana wa masamu. Anayang'ana chingwe, nayang'ana bambo ake.

"Enawo ali kuti?"

"Ali kumanda. Tinatsitsira amayi ako."

"Ndiye bwalo lathu lija..."

"N'lalifupi, mwanawe. Sanakulande kanthu. Ku Lilongwe unathamanga liwiro lako lonse, ndipo linali labwino."

Panja nkhuku zinkapalasa m'makoko a mtedza. Chala cha mwanayo chinkasisita nsonga yodulidwa ndi chikwanje ija.

"Munakumbukira liti?"

Akanatha kunena kuti dzulo. Palibe akanawatsutsa kupatula a Yunisi ndi Iye amene amaona zobisika.

"Usanapite ku Lilongwe."

"Tayala lija ndisanayambe kukoka?"

"Usanayambe."

Ezeliya anasiya chingwe. Anakoka mwendo wake womangidwa ndi manja onse awiri, natembenukira kukhoma. A Rabson anatsala chogwada, akudikira kuti mwina awatukwane, mwina alire. Mwanayo sanachite chilichonse mwa izi. Patapita nthawi bambowo anayamba kukulunga chingwecho pang'onopang'ono kuzungulira chigongono, ndipo chinatha msanga.