Limba la Reinder ndi Chifuwa cha Tjalling

Kwa zaka makumi atatu Reinder ankaimba limba m'tchalitchi chachikulu cha tauni yathu ku Friesland, koma sanaperekezepo salimo ngakhale limodzi. Akulu ampingo ankati zitoliro za limba zilibe mzimu, choncho limba linkalira anthu akamalowa ndi akamatuluka basi. Nyimbo zonse zimene bamboyu ankapeka zinkathera pamisana ya anthu othamangira kunyumba.

Wotsogolera masalimo anali Tjalling, wosoka matanga a zombo, mnzake wa Reinder kuyambira ubwana. Ankaima pansi pa guwa, n'kutsokomola kamodzi, n'kukoka mpweya, mpingo wonse n'kumutsata. Kaimbidwe ka kwathu nkosathamanga: liwu lililonse timalikoka ngati ng'ombe yokana kulowa m'khola.

Chaka china mawu a Tjalling anayamba kusasa. Akulu ampingo atakangana miyezi isanu, anavomera kuti limba liyesedwe Lamulungu limodzi. Likatsogolera bwino, Tjalling akhale pansi mpaka kalekale. Reinder anasangalala, tisanamizane. Koma atakumana ndi mnzakeyo pamlatho anangoyang'ana madzi oundana m'ngalande, n'kuyamba kudandaula za kuzizira. Tjalling anangomulangiza kuti asadzathamange poimba, poti anthu aja si akavalo.

Tsikulo linafika ndi chisanu cholowa m'mafupa. Azimayi anabwera ndi timbaula tawo toika kunsi kwa mapazi, tchalitchi chonse n'kumanunkha utsi. Geeske, mkazi wa Reinder, ndiye ankaponda mivukuto yopatsa limba mpweya, ndipo ankadziwa bwino khalidwe la mwamuna wakeyo.

"Bambo, musaonetse ukatswiri lero," anatero. "Anthuwa abwera kudzapemphera."

Mbusa atalengeza salimo, Reinder anatsegula zitoliro zonse, n'kuimba kanyimbo koyambira kamene anakasunga m'bokosi zaka khumi ndi ziwiri. Kanali kokoma zedi, mawu anayi akuthamangitsana n'kumakumananso. Kenako analowa mzere woyamba wa salimo.

Palibe amene anaimba.

Anthu mazana asanu anali atatsegula mabuku, maso ali pansi pa guwa pamene panalibe munthu. Ankadikira chifuwa. Chibadwire ankadziwa kuti salimo limayamba munthu akatsokomola, ndipo limba likalira ndiye kuti yakwana nthawi yonyamula zipewa. Nkhalamba ina yosamva bwino inaimiriradi kumbuyo, n'kuyamba ulendo wa kukhomo.

Reinder ankaona zonsezi pakagalasi kamene kanali pamwamba pa limba. Anachita manyazi, kenako anapsa mtima. Akanatha kuukankha mpingowo ndi phokoso mpaka utagonja, mphamvu limbalo linali nazo. Koma m'kagalasimo anaonanso Tjalling pabenchi lachitatu, atakumbatira chipewa, pakamwa atatseka zolimba ngati munthu woletsedwa kulira pamaliro a mbale wake.

Reinder anatseka zitoliro zonse n'kusiya chimodzi, chaching'ono, chofatsa. Anagwira liwu loyamba lokha osalisiya. Geeske anapitiriza kuponda mivukuto pang'onopang'ono. Liwulo linalira lokhalokha nthawi yaitali, mpaka mbusa anatukula mutu.

Tjalling anatsokomola.

Mawu ake anatuluka osasa, onjenjemera, koma mpingo wonse unalowa pomwepo. Reinder anatsata mnzakeyo ndi limba, akumugwiriziza paliponse pamene mpweya unkamuthera. Ankadziwa kuti akulu ampingo anena kuti limba lalephera kutsogolera, ndipo zinamupweteka. Komabe kanali koyamba kumva zitoliro zake zikuimba pamodzi ndi anthu, ndipo misozi inamulepheretsa kuona bwino pepala.

Mapemphero atatha, akulu ampingo anagwirizana pakhomo pomwepo, chifukwa kunkazizira kwambiri moti sakanatha kukangana: Tjalling apitirize kutsogolera, limba lizimutsata. Tjalling anakwera makwerero opita kulimba, akupuma pasitepe iliyonse.

"Iwe nkhalamba," anatero ali wefuwefu, "pamzere wachitatu paja unathamanga."

"Ndiwe unachedwa."

"Lamulungu likubwerali uzimvetsera chifuwa changa."

Reinder anapinda pepala la kanyimbo kake kaja, n'kulibwezera m'bokosi. Kenako anasuntha pabenchi kuti mnzake apeze pokhala.