Chipewa Chopinda Mbali Imodzi

Bambo ake a Rodrick anapita kumanda anthu akuwasekabe. Moyo wawo wonse ankanena kuti bambo awo anamenya nkhondo ku Burma, umboni wake chithunzi chimodzi chofwifwa. Koma ku Ludzi kuno aliyense amaudziwa mganda, gule amene amuna amavala ngati asilikali.

Pokonzekera chiliza, Rodrick anafuna kuti pamwala palembedwe "mwana wa msilikali", monga anapemphera malemuwo ali gone m'chipatala. Amalume ake, a Benedict, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, ukufuna tikaname pamanda? Agogo akowa ankavina mganda. Nkhondo yawo inali yoputa fumbi pabwalo!"

Rodrick anabisa chithunzicho m'buku lake la ku koleji, lomwe linalibenso ntchito ina, napalasa njinga wa ku boma. Kumeneko kunali a Hamidu, telala wokalamba amene wasokera magulu a mganda zaka makumi asanu.

A Hamidu atalandira chithunzicho anasiya makina, navala magalasi.

"Amene akuti awa ndi amganda sanagwirepo singano," anatero. "Amganda timawasokera zoyera mbee, ndi kabudula. Taona thalauza lalitali, nsalu yoderapo. Taona chipewa chopinda mbali imodzi. Awa ndi a Keyala, mwanawe, asilikali a nthawi ya atsamunda."

"Nanga chaka mungachidziwe, bambo?"

"Mendulo yanyenyezi pachifuwapa ankapereka nkhondo itatha. Achimwene anga anali nayo. Nkhope idakali yachinyamata, ndiye unene kuti 1946 kapena 1947." Anatembenuza chithunzicho. "Chidindo chikuti Fort Manning, dzina lakale la boma lino. Komanso wamganda amamwetulira pojambulidwa. Awa maso awo anaona zina."

Rodrick anatsamira njinga yake pakhonde. Ulendo wa ola limodzi basi! Bambo ake ali moyo iye sanauyende, ndipo tsiku lina, atabwera kutchuthi ndi Chingerezi chake, nayenso anawaseka.

Kunyumba anafotokoza zonse. A Benedict anachiyang'anitsitsa chithunzicho, nakanda kumutu.

"Ukaonetsetsa, kaimidwe aka si ka gule ayi. Ine ndinkangocheza ndi alamu anga."

"Macheza aja ankawawa, amalume."

Wolemba pamwala atabwera, anafunsa kukula kwa zilembo. Rodrick analoza msewu wodutsa kumanda kuja.

"Zoti munthu aziwerenga ali panjinga, osatsika."