Khasu Pakhomo pa a Fackson

A Fackson anali kalaliki wa ku fakitale ya tiyi pa esiteti yathu, kufupi ndi Khonjeni. Chaka chimene boma la Chitaganya linayamba, anaitanitsa kabuku kuchokera ku Joni kophunzitsa munthu kukhala ndi maganizo abwino. Kabukuko katafika tonse tinavutika nako, ngakhale amene sankadziwa kuwerenga.

Zina za m'kabukumo zinalibe vuto. Ankadzuka m'mamawa n'kuima pakhonde atavala vesiti, akukoka mpweya ngati ng'ombe ya pangolo, uku amayi opita kukathyola tiyi akudutsa ndi madengu kumsana. Fodya anasiya. Anayamba kumwetulira aliyense, kumwetulira kwa mano okhaokha. Koma panali lamulo limodzi limene analigwiritsitsa: munthu wofuna kupita patsogolo asamakhale pakati pa anthu achisoni, chifukwa chisoni n'chopatsirana ngati chimfine. Choncho a Fackson anasiya kupita kumaliro.

Kumalaini kuno, kunyumba za antchito a pa esiteti, ambiri ndife obwera. Ena makolo awo anawoloka Ruo kuthawa Apwitikizi, ena anachokera ku Mulanje. Manda athu ali kuseri kwa mabulugamu, ndipo tilibe adzukulu a m'mudzi oti atikumbire. Timakumbirana tokha. Ukakumbira mnzako lero, iye adzakumbira wako mawa. Mwana aliyense amadziwa zimenezi. Ndipo a Fackson ankakhala ndi amayi awo okalamba, a Salome, amene chifuwa chinkawagwetsa chiperoni chikangoyamba.

A Elson, kapitawo wa anthu odulira tiyi, anapita kukawachenjeza. Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ya esiteti, nyumba zathu zinali zoyang'anizana, choncho ndinamva zonse.

"Akalaliki, kwa a Dixon atamwalira achimwene awo sitinakuoneni. Kwa mwana wa Teleza sitinakuoneninso."

"Ndinatumiza shuga."

"Shuga sagwira khasu."

"Vuto lanu anthu inu ndi limeneli, a Elson. Mumakonda kulira. Munthu amakhala chimene amaganiza. Mukamangoganiza za manda, mudzakalambira pa ukapitawo womwewo."

"Nanga amayi akutsokomola m'nyumbamo, kabuku kanu kakuti chiyani?"

"Ndawauza kuti aziganiza kuti ali bwino."

A Elson anavala chipewa chawo n'kumapita.

Mkazi wanga Lizzie atamwalira, a Fackson sanawoloke msewu. Patapita masiku tinakumana panjira ya kusitolo, ndipo anandigwira paphewa.

"Aphunzitsi, musalole maganizo kukugonjetsani. M'mawa uliwonse muzinena kuti lero ndi tsiku labwino."

Ndinawathokoza. Amayi awo ndi amene anakhala m'nyumba ya siwa mpaka maliro kutha, akutsokomola pamphasa, ndipo sanandiuze choti ndizinena m'mawa.

A Salome anamwalira mu Juni. Akazi a kumalaini anabwera onse, nyumba inadzaza, nyimbo zinayamba. Amuna nafenso tinabwera, koma tinakakhala patali, pansi pa mtengo wa mapeyala. Pakhomo pa a Fackson wina anali atatsamiritsa khasu, piki ndi fosholo.

A Fackson anazidutsa ngati sanazione, nathamangira ku ofesi kukapempha bwana manijala kuti atume antchito kumanda. Mzunguyo anawapatsa matabwa a bokosi, nati zokumba mukambirane nokha. Anabwerera pamtengo paja tayi ili pakhosi.

"A Elson, dzuwa likukwera. Amunawa sanyamuka?"

"Akuopa chimfine chija, akalaliki."

"Ino si nthawi ya nthabwala."

"Ingoganizani kuti dzenje lakumbika," anatero a Dixon, akupota fodya. "Munthu amakhala chimene amaganiza. Mwina dzenjenso limatero."

A Fackson anayesa kumwetulira, koma palibe amene anawabwezera. Anayang'ana kwa ine, mwina poganiza kuti anthu ophunzira timamvana. Ine ndinayang'ana mapeyala.

Ananyamula zidazo okha. Tinawatsatira kudutsa m'munda wa tiyi, manja ali kumbuyo, mpaka kumanda, kumene a Elson anawalozera malo ndi phazi. Dothi la kumeneko n'lofiira, lomata, ndipo pansi pake mizu ya bulugamu inalukana. Piki yoyamba inagunda muzu n'kudumpha. Yachiwiri inatsala pang'ono kuwatema phazi. Anavula tayi, kenako malaya, natsala ndi vesiti ija ya pakhonde. Mpweya umene ankakoka m'mawa uliwonse sunawathandize kwenikweni. Dzenje linkapita mokhota, mbali ina lotakata, mbali ina lopanikiza, moti ngakhale mbuzi sikanagonamo bwino. Matuza anaphulika m'manja ozolowera cholembera. Ife tinangokhala pa udzu wonyowa. Kuchokera kumalaini nyimbo za akazi zinkamveka.

Dzenje litafika m'mawondo, a Fackson anakhala pansi momwemo. Sanayang'ane aliyense.

"Sindingathe," anatero. "Amayi sangagone panja. Chonde."

Aka kanali koyamba chifikireni kabuku kaja kuwamva akulankhula ngati munthu wa kuno.

A Elson anavula jekete, naipachika panthambi.

"Tulukani. Tikukumbira a Salome, amene sanaphonyepo maliro kumalaini kuno. Osati inu. Zanu tidzaziona."

A Dixon anatenga piki, ine ndinatenga fosholo. Tinayamba ndi kuwongola zimene iwo anakhotetsa. A Salome tinawaika madzulo, bwinobwino, dzuwa lisanalowe.

Mwezi wotsatira kunachitika maliro a mlonda wa kufakitale. Woyamba kufika kumanda anali a Fackson, atanyamula khasu latsopano logula ku Luchenza. Anakumba molimbika, osalangiza munthu. Atatopa anadzakhala pafupi nane padothi, ndipo tinakhala chete nthawi yaitali. Kukhala chete pafupi ndi mnzako ndi chinthu chokhacho chimene ine ndachiona chikupepuza mtima, ndipo ndinayamba kuganiza kuti munthuyu wachira.

Pobwerera anandikodola ndi chigongono.

"Aphunzitsi, ndatulukira chinthu. Kukumba manda kumalimbitsa mapapo ndiponso kumayeretsa maganizo. Ndikufuna kuwauza a ku Joni aja kuti awonjezere m'kabukumo."

Ndinati achite zimenezo.

Mpaka lero saphonya maliro, ndipo khasu lawo n'labwino ndithu. Kumanda sitimufunsa munthu chimene chamubweretsa. A Elson akuti tsiku la a Fackson likadzafika tidzawakumbira, koma oyamba kukumba mpaka m'mawondo adzakhale a ku Joni.