Mfuti Yachiwiri ya a Paterson

Mayi Nora, akazi awo a a Paterson, anaikidwa m'manda Lachiwiri, pamaso pa anthu khumi okha monga lamulo la mliri linkanenera. Mwana wawo Joan anaonera mwambowo pa foni ali ku Melbourne, mzinda wa m'chigawo china chakutali, poti malire a chigawo anali otseka. Lachinayi m'mawa anaimbira Msaiwale, Mmalawi woyandikana nyumba ndi bambo akewo ku Maddington.

"Bambo asiya kudya, galunso apatsa anthu. Ali ndi mfuti ya agogo ya kunkhondo. Chonde, kawalandeni."

Msaiwale anali atavala kale zopitira kuntchito ku Kewdale. Kulanda chinthu munthu wamkulu, wofedwa dzana, sanakule nazo. Komabe anapita.

Anawapeza a Paterson pakhonde atameta ndevu, atavala malaya osita.

"Wakutumani Joan," anatero a Paterson. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bokosi lathabwa. "Iyi ndi Luger, mfuti ya Ajeremani. Bambo anga anaichotsa pa mtembo wa Mjeremani m'chipululu cha ku Iguputo mu 1942. Msilikali aliyense ankailakalaka. M'dzanja imakhala ngati ukuloza munthu chala, koma ikangolawa mchenga basi, yakana. Webley ya Angerezi inali yosaoneka bwino, yolemera, koma imeneyo sinkakana." Anamukankhira bokosilo. "Tengani, mukaipereke kupolisi. Joan agone tulo."

Zinaphweka mopitirira. Msaiwale anayang'anitsitsa m'bokosimo. Nsalu yobiriwira ya mkati inali ndi malo awiri ogonekamo mfuti. M'malo ena munagona Luger. M'malo enawo, okulirapo, munalibe kanthu, koma mafuta ake anali asanaume.

"Nanga inzake, bambo?"

"Inatayika kalekale."

Munthu wamkulu sauzidwa kuti akunama, ndipo kuchipinda kwake sapitako mlendo. Msaiwale anakhala pansi, namasula zingwe za nsapato zake zantchito. Analembera bwana wake kuti sabwera, kenako analembera Joan kuti aimbire dokotala wa bambo ake lero lomwe.

"Mukutani?" anafunsa a Paterson.

"Kwathu wofedwa sasiyidwa yekha."

"Mpaka liti?"

"Mpaka Joan abwere."

"Imeneyo ndi miyezi, bwanawe." Anaseka pang'ono, maso ali pakhomo. "Nanunso ndinu munthu. Mudzagona."

Msaiwale ananyamula mpando wake n'kuuika pakati pa nkhalambayo ndi chitseko cholowera m'nyumba.